Kuwongola nyali za galimoto nokha pogwiritsa ntchito khoma ndi tepi

Anzanu obwera kutsogolo akamangokuphethirirani nyali usiku, inu mukudziwa bwino lomwe kuti muli pa dimu, si kuti onsewo apangana zokuchitani chipongwe. Akukuuzani kuti dimu yanu ikuwathobwa m'maso. Ena vuto lawo ndi lotembenuza: pafupi ndi bampala pamawala mpaka kuona timiyala, koma chapatsogolo pang'ono kuli bii, moti wakabaza wopanda chowala kumbuyo kwa njinga amangotulukira ali pafupi kale. A vuto lachiwirili kawirikawiri amathamangira kushopu kukagula mababu amphamvu, ndalama n'kupita, msewu n'kukhalabe wamdima. Mavuto onse awiriwa gwero lake ndi limodzi, nyali zikuloza polakwika. Kuziwongola ndi ntchito ya ola limodzi madzulo, ndipo zofunika ndi khoma, tepi yoyezera, choko, chingwe, ndodo ziwiri, ndi sikuludiraiva kapena sipanala yaing'ono.

Musanagwire chida chilichonse, dziwani kaye maonekedwe a kuwala kumene mukufuna kuwongolako. Dimu si fulu yochepetsedwa mphamvu ayi. Tengani babu la H4, lomwe limapezeka m'magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan. Mkati mwake muli timawaya tiwiri, ka fulu ka mawati 60 ndi ka dimu ka mawati 55. Mawati 5 okhawo sangapulumutse maso a munthu. Chimene chimagwira ntchito ndi kambale kachitsulo kokhala kunsi kwa kawaya ka dimu. Kambaleka kamatchinga kuwala kuti kusagwere m'munsi mwa lifulekita (mbale yonyezimira ya kuseri kwa babu imene imaponya kuwala kutsogolo), chifukwa kuwala kogwera m'munsimo ndi kumene kumaponyedwa m'mwamba. Nyali zina, zija zokhala ndi diso lagalasi lozungulira zimene amakaniko amati pulojekita, zili ndi kachitsulo kotchinga kumbuyo kwa disolo. Kapangidwe n'kosiyana koma zotsatira n'zimodzi: kuwala kwa dimu kuli ndi malire kumwamba, pansi pake mbee, pamwamba pake mdima.

Imikani galimoto moyang'ana khoma usiku ndipo malirewo muwaona. Kudzanja lamanja ndi mzere wogona. Pakati umapindika n'kukwera chakumanzere, pa nyali za lifulekita ndi madigiri pafupifupi 15, pa za pulojekita nthawi zambiri ngati kasitepe. Popindikirapo, pachigongono pa mzerewo, ndi pamene diso lanu lizikhala pa ntchito yonseyi. Nyali anazipanga choncho chifukwa ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania ndi South Africa timayenda kumanzere kwa msewu, chimodzimodzi ku Japan ndi ku Britain. Wobwera kutsogolo amatidutsa kumanja, choncho mbali imeneyo kuwala kuyenera kukhala kotsika. Kumanzere ndi kumene kuli oyenda pansi, njinga, mbuzi ndi zikwangwani, ndiye kumeneko kuwala amakusiya kuti kukwere n'kufika patali.

Mzere wogona uja suyenera kuyenda mofanana ndi msewu. Uyenera kutsika pang'onopang'ono mpaka kukagunda pansi kutali. Katsikidwe kake opanga nyali ambiri amakalemba pachigoba cha nyaliyo, pamwamba kapena kumbuyo, pafupi ndi kachithunzi ka nyali: 1.0%, 1.2%, 1.3% kapena nambala ina yapafupi. 1% ikutanthauza kuti pa mita iliyonse kuwala kumatsika sentimita imodzi. Pa mamita 10 ndi masentimita 10, pa mamita 5 ndi masentimita 5. Mukapeza 1.2%, pa mamita 10 ndi masentimita 12. Nambalayo ikasowa, 1% imakwanira pa magalimoto otsika monga Vitz, Demio, Fit kapena Sienta, pamene magalimoto ataliatali monga Hilux ndi Land Cruiser amafuna pafupifupi 1.5%, chifukwa nyali zawo zili kale pafupi ndi msinkhu wa maso a munthu wokhala m'kagalimoto kakang'ono. Ku Japan komwe magalimoto athu ambiri amachokera, poyeza galimoto amafuna kuti chigongono chija, pa mamita 10, chikhale pakati pa masentimita 2 ndi 15 kunsi kwa msinkhu wa nyali ngati nyaliyo ili yosapitirira mita imodzi kuchokera pansi. Masentimita 10 athu aja ali m'kati mwa mpata umenewo.

Manambalawa amaoneka achabechabe pakhoma, koma atengereni pamsewu. Tinene kuti pakati pa nyali yanu pali masentimita 65 kuchokera pansi. Ikamatsika ndi 1%, mzere wogona uja ukagunda phula pa mamita 65. Ikamatsika ndi 2% ukagunda pa mamita 32 ndi theka, ndipo pa 3% ndi mamita 22 okha. Tsono galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Kuti muone chinthu, phazi lichoke pamoto lifike pa buleki, sekondi yatha kale, ndipo kuti galimoto iime pa liwiro limeneli pamsewu wouma pamafunika mamita oposa 50 mukaphatikiza zonse. Amene nyali zake zatsika ndi 3% ndiye kuti ngolo yopanda nyali kumbuyo amaifika phazi lisanaponde n'komwe buleki. Pakhoma la mamita 10 kusiyana kwa munthu ameneyu ndi mnzake wa nyali zabwino ndi masentimita 20 basi. Babu la mawati 100 silingasinthe kanthu apa. Lingowalitsa kwambiri mamita 22 omwewo, maso n'kuzolowera kuwala kwapafupiko, mdima wa kutsogolo n'kuoneka wakuda kuposa kale.

Kukweza mopitiriza nakonso kuli ndi mlandu wake, ndipo kawirikawiri wokweza si makaniko, ndi katundu. Apa ndi pamene madalaivala ambiri amalakwa osadziwa. Kuchokera pa matayala akutsogolo kufika pa akumbuyo a kagalimoto kakang'ono pali mamita pafupifupi 2.5. Ikani anthu atatu kumbuyo ndi matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50 m'buti, kumbuyo kutsike ndi masentimita 5. Masentimita 5 pa mamita 2.5 ndi 2%. Nyali zomwe zimatsika ndi 1% tsopano zikukwera ndi 1%. Pa mamita 50 malire a kuwala afika masentimita 115 kuchokera pansi, ndendende pamene pali nkhope ya dalaivala wa galimoto yaing'ono yobwera kutsogolo. Iye waona kuti mwamuyatsira fulu, ndiye akubwezerani ndi fulu yake yeniyeni. Nonse awiri mukudutsana osaona, ndipo pamsewu ngati wa M1, mozungulira malo amalonda monga Lizulu kapena Mponela, m'mphepete mumakhala muli anthu ndi njinga mpaka usiku. Maso akathobwa amatenga masekondi angapo kuti abwerere, achikulire amatenga nthawi yotalikirapo, ndipo sekondi iliyonse ndi mamita 22 aja. Masienta onyamula anthu ndi mapikiapu a feteleza ndiwo amathobwa anzawo kwambiri, ngakhale nyali zawo zitakhala kuti zinawongoledwa bwino galimoto ili yopanda kanthu.

N'chifukwa chake magalimoto ambiri a ku Japan, makamaka opangidwa kuyambira 2006, ali ndi kagudumu kakang'ono pa dashibodi, chakumanja kwa chiwongolero, kolembedwa 0 mpaka 5 kapena 0 mpaka 3, pambali pake pali kachithunzi ka nyali ndi timizere totsetsereka. Anthu ena amakayesa kochepetsera kuwala kwa mawotchi. Ntchito yake ndi kutsitsa nyali. Pa 0 ndi pamene muli nokha kapena awiri kutsogolo. Mukanyamula katundu mumakweza nambala, timainjini tamagetsi ta m'nyalimo n'kuweramitsa lifulekita. Mukatsitsa katundu mumabwezera pa 0. Musanadandaule kuti nyali zikuwala pafupi, yambani mwayang'ana kagudumuka, chifukwa mwana kapena wotsuka galimoto akhoza kukasiya pa 4 inu osadziwa. Ndipo musawongole nyali kali pa nambala ina yosakhala 0. Mukatero, tsiku limene wina adzakabwezere pa 0 nyali zidzaloza m'mitengo.

Magalimoto a nyali za HID (zija zowala moyera, za mababu a mpweya wa xenon opanda kawaya) ndi ambiri a LED yochokera kufakitale alibe kagudumuka chifukwa amadziwongola okha. Kunsi, pafupi ndi ekiselo yakumbuyo, kuli kasensa kokhala ndi kamkono komwe kamayeza mmene kumbuyo kwatsikira. Kamkonoka kakathyoka kapena kuguluka m'misewu yathu yokumbikakumbikayi, nyali zimaloza pansi kwambiri kapena m'mwamba, ndipo kupotokola timabawuti towongolera nyali n'kungobisa matenda. Palinso chizolowezi chokweza galimoto ikangofika kuti isamagunde pansi m'misewu yafumbi. Kukwezako kumasintha msinkhu wa nyali ndi kapendekedwe ka galimoto, komanso kumanamiza kasensa kaja. Aliyense wokweza galimoto ayenera kuyezanso nyali, koma ndi ochepa amene amauzidwa zimenezi pagalaja.

Tsono konzani galimoto. Matayala onse anayi akhale ndi mpweya wolembedwa pakapepala ka pachitseko cha dalaivala. Chotsani katundu yense amene sakhalamo masiku onse, musiye sipeya ndi jeke. Mafuta akhale osachepera theka la thanki. Tsukani magalasi a nyali. Gwirani nyali iliyonse ndi manja awiri muigwedeze: ikamasewera ndiye kuti timakutu take tapulasitiki tinathyoka, mwina pa kangozi kakale, ndipo nyali yomangidwa ndi waya singasunge muyezo. Bampu yoyamba idzafafaniza ntchito yanu yonse. Konzani timakututo kaye. Muonenso ngati babu lakhala bwino. La H4 lili ndi timapazi titatu tomwe timalowa njira imodzi yokha, koma munthu wolowetsa dzanja mumdima kuseri kwa batire amatha kulikanikiza lili chopendama, kawaya komangira n'kutsekeka ndithu. Ngati vuto linayamba tsiku limene munasintha babu, chotsani babulo mulibwezere bwino musanakhudze china chilichonse. Galasi la babu musaligwire ndi zala, mafuta a m'manja amalifupikitsa moyo.

Chovuta kwambiri pa ntchito yonseyi ndi malo. Mukufuna khoma loongoka ndi bwalo la mamita 10 kuwonjezera kutalika kwa galimoto. Bwalo la sukulu kapena la tchalitchi mutapempha, kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, kapena mpanda wa njerwa wa kwanu komweko. Mamita 5 amathekanso, mungogawa manambala pakati. Mamita 3 ndi ongokakamiza, chifukwa pamenepo katsikidwe konse ndi masentimita 3, ndipo kuphonya ndi sentimita imodzi, komwe ndi kunenepa kwa mzere wa choko, n'kuphonya gawo limodzi mwa atatu a muyezo wonse.

Malangizo ambiri amangoti pezani malo a fulati, ngati kuti aliyense ali ndi simenti yosalala pakhomo. Chofunika kwenikweni si kuti malowo akhale opanda chitsetse. Chofunika n'chakuti pamene paima galimoto ndi patsinde pa khoma pakhale pa mzere umodzi. Chitsetse chofanana kuyambira kumbuyo kwa galimoto mpaka pakhoma sichisokoneza kanthu. Chosokoneza ndi bwalo lomwe limakwera kapena kutsika pafupi ndi khoma, monga zimakhalira pamene pali khonde kapena ngalande. Pa chifukwa chomwechi, kapaipi ka madzi kamene amisiri omanga nyumba amayezera levulo kakhoza kukunamizani pamalo otsetsereka, chifukwa iko kamatsata dziko pamene nyali zimatsata galimoto.

Njira yothana ndi zimenezi ndi ndodo ziwiri zija. Choyamba pezani pakati pa nyali ya dimu. Pa nyali zambiri pali kadontho, kabwalo kapena kamtanda kosindikizidwa pagalasi, koyang'anizana ndi babu. Pakasowa, yang'anani pomwe pali babu kapena pakati pa diso la pulojekita, muikepo kadontho. Wina akhale pampando wa dalaivala, wolemera ngati inu, kapena ikanipo thumba la simenti ndi chigubu cha madzi cha malita 20. Kanikizani galimoto kutsogolo ndi kumbuyo kangapo kuti masipuling'i akhazikike. Yezani kuchokera pansi kufika pakadontho, mbali zonse ziwiri. Zikasiyana ndi masentimita oposa 1 kapena 2, pali sipuling'i yotopa, tayala lochepa mpweya kapena nyali yokhala mokhota. Kenako dulani nsungwi ziwiri zoongoka zotalika ndendende ngati muyezo umenewo. Imikani imodzi pambali pa tayala lakumbuyo, ina pambali pa lakutsogolo. Gwadani kumbuyo, diso likhale pansonga pa yoyamba, muyang'ane modutsa pansonga pa yachiwiri mpaka pakhoma. Mnzanu aziyendetsa chala pakhomapo mpaka chifike pomwe nsonga ziwirizo zaloza, alembepo. Chitaninso chimodzimodzi mbali inayo ya galimoto, n'kulumikiza madontho awiriwo ndi mzere wa choko. Umenewo ndiwo msinkhu wa nyali zanu pakhoma, posatengera kuti pansi pa khomapo pali chulu kapena dzenje.

Kunsi kwa mzere umenewu lembani wachiwiri: masentimita 10 ngati muli pa mamita 10 ndipo nyali ndi za 1%, kapena malinga ndi nambala yomwe mwaipeza pachigoba. Mtundawo muyeze kuchokera pagalasi la nyali, osati pa bampala. Wachiwiriwu ulembeni moonekera bwino, kapena matanipo tepi yomata, chifukwa ndi umene muziuyang'ana mumdima.

Chatsala ndi mizere yoimirira, ndipo apa galimoto iyenera kuyang'ana khoma mwachindunji, osati chammbali. Mangani kanati kapena kamwala kukachingwe, mukalendeweretse kuchokera pakati pa chizindikiro cha galimoto kutsogolo, mulembe pansi pomwe kaloza. Chitaninso kumbuyo. Kokani chingwe chachitali kunsi kwa galimoto modutsa pamadontho awiriwo mpaka pakhoma, ndipo pomwe chafikapo kwezani mzere woimirira. Pamenepo ndiye pakati pa galimoto. Yezani pagalimoto kuchokera pakati kufika pakadontho ka nyali iliyonse, tinene masentimita 60, n'kukalemba muyezo womwewo pakhoma, kumanzere ndi kumanja kwa mzere wapakati. Tsopano muli ndi mitanda iwiri pamzere wam'munsi uja. Chigongono cha nyali iliyonse chiyenera kukhala pamtanda wake, mzere wogona n'kugona pamwamba penipeni pa choko.

Mukaonera mavidiyo a pa YouTube mumva za mafiti 25 ndi mainchesi 2. Ndi muyezo wa ku America, womwe ndi mamita 7.6 ndi masentimita 5, kapena 0.7%, wokwererapo pang'ono kuposa wathu. Komanso nyali zawo zimakwera chakumanja chifukwa iwo amayenda kumanja. Tengerani kagwiridwe ka zida kokha, manambala ndi mbali tsatani zanu.

Kukada, lizani injini kuti batire isathe komanso kuti nyali ziwale mmene zimawalira pamsewu. Chitirani panja, osati m'galaja yotseka, chifukwa cha utsi. Giya ikhale pa P kapena pa fulii, handibuleki yokoka. Tsegulani boneti muyang'ane kuseri kwa nyali. Pali mabawuti omangira nyali kuthupi la galimoto, amenewo asiyeni. Timabawuti towongolera timakhala tiwiri pachigoba chenichenicho, ndipo pa magalimoto ambiri a ku Japan mutu wake ndi wa sipanala ya 8 kapena 10, uli ndi kambale ka mano mozungulira. Manowo anawaikira kuti mulowetse sikuludiraiva ya sitala kuchokera pamwamba, kudzera m'kampata kamene anakasiya dala, n'kuzunguza kabawutiko ngati giya. Magalimoto ambiri a ku Ulaya amafuna alenikii, kachitsulo kopindika ngati L ka makona 6. Nthawi zina pamakhala zilembo, U ndi D pa kokweza ndi kutsitsa, L ndi R pa kopititsa kumanzere ndi kumanja. Zikasowa, zunguzani theka muone kumene kuwala kwapita. Manja ndi malaya zikhale kutali ndi fani, chifukwa imayamba yokha injini ikatentha. Pa nyali za HID musagwire mawaya olowa m'babu, poyatsa pamadutsa mavoti oposa 20,000.

Wongolani nyali imodzi pa nthawi. Inayo itchingeni ndi katoni yoimika chapatali pang'ono, kapena mnzanu aime kutsogolo kwake. Musaiphimbe ndi chitenje kapena jekete kwa nthawi yaitali, magalasi a masiku ano ndi apulasitiki ndipo kutentha kukatsekeredwa amawonongeka. Yambani ndi kukweza kapena kutsitsa. Zunguzani theka, imani, yang'anani pakhoma, ndipo muziwerenga kuti mwazunguza kangati kuti mukasokonezeka muthe kubwerera pomwe munayambira. Ndi bwino kutsitsa mzere wogona upitirire choko pang'ono, kenako n'kumaukweza mpaka ufike, kuti kulendewera kwa m'timagiya kuthe, nyali isadzatsike yokha ikamagwedezeka. Mukatero pititsani chigongono pamtanda. Pa nyali zambiri kabawuti ka kumanzere ndi kumanja kamasunthanso msinkhu pang'ono, ndiye bwererani muonenso. Mukakayika, lakwirani chakumunsi ndi chakumanzere pang'ono, makamaka pa nyali ya kumanja, yomwe ili pafupi ndi obwera kutsogolo.

Timagiya ta m'katimo ndi tapulasitiki, ndipo pa galimoto ya zaka 15 tinauma kale. Kabawuti kakalimba musakakamize: kafika pamapeto kapena kachita dzimbiri, thiranipo timafuta todula dzimbiri mudikire. Kakamazungulira mopepuka kuwala osasuntha, mkati mwaguluka kapena mwathyoka, ndipo kupitiriza kuzunguza kukhoza kugwetsa lifulekita yonse. Pamenepo nyali iyenera kuchotsedwa. Mukamaliza zonse ziwiri tsekani boneti, menyani pang'ono pagalasi lililonse ndi chikhatho, muone ngati mzere wakhala pomwe munausiya.

Fulu sifuna zambiri. Pa H4 timawaya tonse tili m'babu limodzi, choncho dimu ikakhala bwino fulu yakhalanso bwino. Pa magalimoto a mababu osiyana, ambiri mbali ziwirizo zimayendera limodzi. Ngati fulu ili ndi timabawuti take, pakati pa kuwala kwake pakhale pamzere wam'mwamba uja, kutsogolo kwenikweni kwa nyaliyo. Mapikiapu akale a nyali zagalasi zomata kale, zozungulira kapena za makona anayi, timabawuti tawo timakhala kutsogolo m'mphepete mwa nyali, kena pamwamba kena pambali.

Nthawi zina mumafika pakhoma n'kupeza kuti palibe mzere woti muuwongole, kuwala kwangomwazika mbali zonse. Chofala masiku ano ndi mababu a LED otchipa oikidwa m'nyali zomwe zinapangidwira mababu wamba. Lifulekita anaiumba poganizira kawaya kakang'ono kokhala pamalo amodzi enieni. Timagetsi ta LED tikakhala tokulirapo kapena tosuntha ndi mamilimita ochepa chabe, malire amasungunuka, kuwala kambiri n'kupita m'mwamba. Mwini galimoto amasangalala chifukwa zikwangwani ndi mitengo zikuwala mbuu, koma phula la kutali silinapindule, ndipo aliyense wokumana naye akuvutika. Alipo ena a LED amene amasunga malire bwino akaikidwa timagetsi take titayang'ana kumanzere ndi kumanja. Woweruza ndi khoma: mzere ukaoneka wakuthwa, wongolani, ukasowa, bwezeranimo babu wamba. Mababu a mawati 100/90 nawonso amatentha masoketi ndi mawaya, n'kuwaula siliva wa lifulekita. Galasi lachikasu lopsa ndi dzuwa limamwazanso kuwala. Limenelo limapalidwa ndi sandipepa yonyowa, kuyambira yokhakhala pang'ono ngati 1000 mpaka yosalala ngati 2500, kenako polishi ndi mankhwala oteteza ku dzuwa. Mankhwala otsukira mano amaliyeretsa kwa kanthawi kochepa basi.

Vuto lina limene timabawuti sitingathetse ndi nyali ya mbali yolakwika. Galimoto ikagundidwa kutsogolo, nyali yogula yatsopano ikhoza kukhala yopangidwira mayiko oyenda kumanja. Imalowa bwinobwino pamalo pake, koma pakhoma muona mzere ukukwera chakumanja, kulunjika m'maso mwa obwera kutsogolo, m'mphepete mwa msewu muli mdima. Magalimoto a chiwongolero cha kumanzere amabwera ndi nyali zoterozo. Pogula, yang'anani pagalasi kapena pachigoba pafupi ndi kabwalo kokhala ndi chilembo E. Kamuvi koloza kumanja, inu mutaima moyang'ana nyaliyo, kakutanthauza kuti ndi ya mayiko oyenda kumanzere ngati athu. Kamuvi ka mitu iwiri ndi nyali yotheka kusinthira mbali iliyonse. Popanda kamuvi ndiye ya oyenda kumanja. Nyali zina za msika wa ku Japan zilibe chizindikiro cha E n'komwe, ndiye chotsimikizira n'kuiyatsa pakhoma musanalipire. Madalaivala a malole olowa ku Congo kudzera pa Kasumbalesa amakumana ndi nkhani yomweyi motembenuza, chifukwa akangowoloka amayamba kuyenda kumanja ndi nyali zokwera chakumanzere. A ku Britain opita ku France amamata timapepala tapadera pagalasi pa chifukwa chomwechi.

Mukachoka pakhoma kayeseni pamsewu wowongoka wopanda chitunda. Mukamatsatira galimoto yaing'ono chapatali pang'ono, malire a kuwala kwanu azigwera m'munsi mwa galasi lake lakumbuyo, asafike pa magalasi oonera m'mbali. Kenako imikani pamalo abwino, mnzanu akhale pachiwongolero, inu muyende masitepe 50 kutsogolo chakumanja, komwe kumadutsa obwera kutsogolo, munjute kuti maso akhale pamsinkhu wa munthu wokhala m'galimoto. Nyali zizioneka zowala koma zosalasa. Mukamatsika pang'onopang'ono mupeza pamene kuwala kukuyamba kukulasani, ndipo pamenepo pazikhala pafupi ndi pansi, m'munsi mwa mawondo a munthu woimirira. Ngati kukulasani muli chinjutire, nyali ikadali m'mwamba.

Lembani msinkhu wa nyali, mtunda ndi katsikidwe m'kabuku ka galimoto, ndipo nsungwi zija musazisonkhezere moto. Mudzazifuna mukasintha babu, masipuling'i, mashoko kapena saizi ya matayala, mukagunda dzenje lalikulu, komanso musanapite ku COF kwa a Road Traffic, komwe nyali ndi chimodzi mwa zimene amaziona. Magalimoto atsopano a LED zodzikhotera zokha pamakona kapena zodzizimitsa mbali imodzi zikaona wobwera kutsogolo, amenewo amafuna kuti kompyuta iuzidwe kaye kuti nyali zikuwongoledwa, ndipo pakhoma mungangoona ngati zalakwika. Kukonza kwake ndi kwa galaja yokhala ndi makina oyezera nyali ndi kompyuta yolumikiza kugalimoto.